Garrison: mkonzi amene adakana kutseka pakamwa mpaka ukapolo utatha

Masana a pa 21 Okutobala 1835, msewu wa Washington mumzinda wa Boston ku America udadzaza ndi chikhamu cha anthu olusa. Sadali anyamata osowa chochita ayi. Ambiri mwa iwo adali amalonda ndi mabwana odziwika, ovala majekete abwino.

Anthuwa adabwera kudzasaka George Thompson, mlendo wa ku Britain yemwe mphekesera zidamveka kuti ayankhula pamsonkhano wa amayi odana ndi ukapolo. Atamusowa, mkwiyo wawo udatembenukira kwa mkonzi wa nyuzipepala ina yaing'ono, bambo wa zaka 29, dzina lake William Lloyd Garrison.

Garrison adathawira pawindo lakuseri n'kukabisala m'nyumba yogwiriramo ntchito ya kalipentala wina, koma adamugwira. Adamukulunga chingwe m'thupi, kumung'ambira zovala, n'kuyamba kumuguza mumsewu. Mwayi wake udali woti amuna ena amphamvu adamulanditsa n'kumupereka kwa meya wa mzindawo, Theodore Lyman. Meyayo ataona kuti zinthu zafika posauzana, adaganiza kuti malo okhawo amene munthuyu angagone osaphedwa ndi m'ndende. Usiku umenewo Garrison adagona m'chitokosi, pomwe mkazi wake Helen, yemwe adali woyembekezera, adali kudikira kuti amve ngati mwamuna wake ali moyo.

Kodi munthuyu adalakwanji? Adali kulemba sabata ndi sabata kuti kugula ndi kugulitsa munthu ndi tchimo, ndipo kuti akapolo onse amasulidwe nthawi yomweyo, osati mawa.

Mwana wa mayi wosiyidwa

Garrison adabadwa mu Disembala 1805 m'tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Newburyport, m'chigawo cha Massachusetts. Bambo ake, a Abijah, ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi ndipo adali okonda chakumwa. M'chaka cha 1808 adachoka pakhomo osadzabweranso, kusiya mkazi wawo Fanny manja ali m'khosi ndi ana ang'onoang'ono.

Mayiyu adali Mkhristu wolimba wa mpingo wa Baptist ndipo adalera ana ake movutikira. William ali wamng'ono ankagulitsa maswiti ophika pakhomo, ndipo nthawi zina ankatumidwa kukatenga zakudya zotsala kunyumba za anthu olemera. Sukulu sadapite nayo patali. Adayesa kuphunzira kusoka nsapato, zidakanika. Adayesa ukalipentala, nawonso udamukana.

Mwayi udamugwera mu 1818 pomwe adalowa ntchito yophunzira kusindikiza kunyuzipepala ya Newburyport Herald. Masiku amenewo kudalibe makompyuta. Chilembo chilichonse chidali kachitsulo kakekake, ndipo munthu ankatola timazitsuloto kamodzikamodzi n'kumatisanja mpaka mawu, mzere ndi tsamba lonse zitakwana. Garrison adakhala zaka 7 pantchitoyi, ndipo iyi ndiyo idakhala sukulu yake. Adafika poti nkhani zina ankazisanja kuchokera m'mutu osayamba wazilemba papepala.

Dziko lodyera thukuta la akapolo

Kuti timvetse nkhondo ya Garrison, tiyenera kudziwa mmene America idalili. Boma lidaletsa kuitanitsa akapolo kuchokera kunja mu 1808, koma ukapolo weniweniwo sudathe. Mwana wobadwa kwa mayi kapolo naye adali kapolo. Pofika 1830 m'dzikomo mudali akapolo pafupifupi 2 miliyoni, ndipo pofika 1860 adali atatsala pang'ono kukwana 4 miliyoni.

Gwero lake lidali thonje. Makina ochotsa njere za thonje amene Eli Whitney adapanga mu 1793 adachititsa kuti ulimiwu ukhale wopindulitsa kwambiri m'zigawo za kummwera, ndipo minda ikamakula, pamafunikanso manja ambiri. Mabanja ankagawidwa pamsika, mayi kugulitsidwa kwina, mwana kwina.

Zigawo za kumpoto, monga kwawo kwa Garrison, zidali zitayamba kale kuthetsa ukapolo, komatu nazo zinkadya nawo. Mafakitale awo a nsalu ankadalira thonje lomwelo, mabanki awo ankakongoza eni minda, ndipo sitima zawo ndizo zinkanyamula katunduyo. N'chifukwa chake amene adamuguza mumsewu adali mabwana a majekete. Iye adali kuwathira mchenga m'nsima.

Masiku 49 m'ndende ya Baltimore

Mu 1828 Garrison adakumana ndi Benjamin Lundy wa mpingo wa Quaker, yemwe ankayenda mitunda italiitali kulalikira zothetsa ukapolo. Chaka chotsatira Lundy adamuitana ku Baltimore kuti azikathandizana kukonza nyuzipepala yake, Genius of Universal Emancipation.

Kumeneko Garrison adaona ndi maso ake malonda a anthu, ndipo adayamba kutchula maina. Adalemba kuti Francis Todd, wamalonda wakwawo ku Newburyport, adalola sitima yake kunyamula akapolo kuchoka ku Baltimore kupita ku New Orleans. Nkhaniyo idafika kukhoti ndipo mu 1830 Garrison adapezeka wolakwa pamlandu woipitsa mbiri ya munthu. Adamulipiritsa madola 50 kuphatikizapo ndalama zoyendetsera mlandu. Poti m'thumba mudali mbee, adalowa m'ndende ndipo adakhalamo masiku 49 mpaka Arthur Tappan, mpondamatiki wa ku New York, adamulipirira.

Wina akadatuluka atazizira nkhongono. Garrison adatuluka ataganiza zoyambitsa nyuzipepala yakeyake.

Kubadwa kwa The Liberator

Pa 1 Januwale 1831, mumzinda wa Boston, mudatuluka nyuzipepala ya masamba anayi yotchedwa The Liberator, kutanthauza mpulumutsi kapena womasula. Garrison ndi mnzake Isaac Knapp adayamba ndi zilembo zobwereka ndi mapepala a ngongole. Ankagona pansi m'kachipinda komweko komwe ankagwirira ntchito.

M'nkhani yake yoyamba, Garrison adachenjezeratu owerenga kuti asayembekezere mawu ofewa. Iye adati munthu amene nyumba yake ikupsa sungamuuze kuti akuwe motsitsa mawu, ndipo mayi amene mwana wake wagwera pamoto sungamuuze kuti amuchotse pang'onopang'ono. Adalonjeza kuti sadzabwerera m'mbuyo ndipo anthu adzamumva, afune asafune.

Apa tinene chilungamo: Garrison sadali woyamba. Anthu akuda adali atayamba kale kudzimenyera okha nkhondo. Mu 1827 Samuel Cornish ndi John Russwurm adayambitsa Freedom's Journal ku New York, nyuzipepala yoyamba ya anthu akuda m'dzikomo, ndipo mu 1829 David Walker wa ku Boston adafalitsa kabuku koyaka moto kodzudzula ukapolo.

Ndi anthu akuda omwewo amene adachititsa kuti The Liberator isafe ili yakhanda. James Forten, munthu wakuda wa ku Philadelphia yemwe adalemera ndi ntchito yosoka matanga a sitima, adatumiza ndalama zolipiriratu owerenga 27. M'zaka zoyambirira, mwa olembetsa anayi aliwonse, atatu adali akuda. Ndiwonso adamutsegula maso pa nkhani ya bungwe la American Colonization Society, lomwe linkafuna kuti anthu akuda omasuka azitumizidwa ku Liberia. Poyamba Garrison adaona ngati ndi nzeru yabwino, koma iwo adamuuza kuti America ndi kwawo, adabadwira komweko ndipo makolo awo adakhetsera thukuta komweko. Iye adamva, ndipo mu 1832 adalemba buku lotsutsa bungwelo.

Mutu wake auikira mtengo

Nyuzipepalayi sidagulidwepo kwambiri. Olembetsa sadapitirire 3,000, ndipo ndalama zinkavuta chaka ndi chaka. Chodabwitsa n'choti amene adaitchukitsa ndi adani ake. Akonzi a kummwera ankakopera nkhani zake m'nyuzipepala zawo pofuna kuonetsa anthu kuipa kwake, osadziwa kuti akumufalitsira uthenga ulere.

Mu Ogasiti 1831 kapolo wina wa ku Virginia, Nat Turner, adatsogolera anzake kuukira ndipo azungu oposa 50 adaphedwa. Pobwezera, anthu akuda ambiri adaphedwa, ena osalakwa n'komwe. Garrison adali munthu wodana ndi chiwawa ndipo palibe umboni woti Turner adawerengapo nyuzipepala yake, komabe eni akapolo adaloza chala iye. Nyumba ya malamulo ya chigawo cha Georgia idalonjeza madola 5,000 kwa aliyense amene angamugwire kuti akazengedwe mlandu kumeneko.

Podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, mu 1832 Garrison ndi anzake adakhazikitsa bungwe la New England Anti-Slavery Society. Pamsonkhano woyambitsa bungwelo, m'chipinda chapansi cha tchalitchi cha anthu akuda ku Boston, amene adasaina adali amuna 12 okha. Mu 1833 adapita ku Britain komwe adakaonana ndi William Wilberforce, nkhalakale pankhondo yothetsa ukapolo, patangotsala masabata ochepa kuti mkuluyo amwalire. Chaka chomwecho Britain idakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo m'maiko ambiri amene inkawalamulira. Atabwerera kwawo, mu Disembala, adathandiza kukhazikitsa bungwe la dziko lonse, American Anti-Slavery Society, ku Philadelphia.

Ntchitoyi idali yoika moyo pachiswe. Mkonzi mnzake, mbusa Elijah Lovejoy, adaonongeredwa makina osindikizira katatu konse. Pa 7 Novembala 1837, akuteteza makina achinayi m'tauni ya Alton ku Illinois, adaomberedwa n'kufera pomwepo. Mu Meyi 1838 gulu lina lidatentha holo ya Pennsylvania Hall ku Philadelphia, patangopita masiku ochepa odana ndi ukapolo ataitsegulira.

Mkangano wa m'nyumba

Garrison sadali munthu wophweka kukhala naye. Kunyumba ankadziwika kuti ndi bambo wofatsa ndi wokonda ana, koma akagwira cholembera sankaona nkhope. Adadzudzula mipingo chifukwa chokhala chete, ndipo abusa ambiri adamuda. Adakana kuvota ponena kuti ndale za dzikolo zidamangidwa pamsana pa kapolo.

Nkhani ya amayi ndiyo idang'amba bungwe pakati. Garrison ankati amayi, omwe ankasonkhetsa ndalama ndi kusainitsa makalata a madandaulo, ayeneranso kuyankhula ndi kutsogolera. Mu 1840 mayi Abby Kelley atasankhidwa kulowa m'komiti ya bungwelo, amuna ambiri adatuluka n'kukayambitsa lawo, kuphatikizapo Arthur Tappan yemwe adamuombola m'ndende uja. Chaka chomwecho, pamsonkhano waukulu wa ku London, nthumwi zachizimayi monga Lucretia Mott zidakanizidwa kutenga nawo mbali. Garrison atafika n'kumva zimenezi, adakana mpando wake n'kukakhala kumalo a anthu oonerera mpaka msonkhano udatha.

Mkangano wopweteka kwambiri udali wa iye ndi Frederick Douglass. Douglass adathawa ukapolo ku Maryland mu 1838 ndipo adali wowerenga wokhulupirika wa The Liberator. Mu 1841 adayankhula pamsonkhano wa pachilumba cha Nantucket, Garrison ali pomwepo, ndipo anthu adagwidwa nayo mtima nkhani ya moyo wake. Awiriwa adayenda limodzi zaka zingapo, ndipo Garrison ndiye adalemba mawu otsogolera m'buku la mbiri ya Douglass la mu 1845.

Koma mwana akakula amafuna nyumba yake. Mu 1847 Douglass adayambitsa nyuzipepala yake, The North Star, mumzinda wa Rochester, ndipo Garrison sadakondwe nazo. Pofika 1851 Douglass adalengeza kuti malamulo aakulu a dziko la America angathe kugwiritsidwa ntchito pothetsa ukapolo, ndi kuti kuvota ndi chida. Garrison adaona ngati wagulitsidwa. Adanyozana m'nyuzipepala zawo ndipo padapita zaka zambiri asakuyankhulana. Olemba mbiri ambiri amati apa Garrison adalephera kuvomereza kuti munthu amene adaulawa ukapolo pathupi pake adali ndi ufulu wosankha njira yake.

Atentha malamulo a dziko pagulu

Mu 1850 boma lidakhazikitsa lamulo lokakamiza anthu a kumpoto kuthandiza kugwira akapolo othawa. Mu 1854 mnyamata wina, Anthony Burns, adagwidwa ku Boston, ndipo asilikali adamuperekeza mpaka kudoko kuti abwezedwe ku Virginia, chikhamu cha anthu chikuonerera mokwiya.

Pa 4 Julayi chaka chomwecho, tsiku lokumbukira ufulu wa America, Garrison adaimirira pamsonkhano ku Framingham. Adatenga pepala la lamulo logwira akapolo lija n'kuliyatsa moto. Kenaka adatenga malamulo aakulu a dziko, omwe ankawerenga akapolo asanu ngati anthu atatu pogawa mipando ya kunyumba ya malamulo, nawonso n'kuwatentha. Iye ankati malamulowo ndi pangano ndi imfa. Ena adaombera m'manja, ena adamukuwiza.

Zinthu zidapitirira kutentha. Mu 1859 John Brown adaukira nkhokwe ya zida ya boma ku Harpers Ferry pofuna kupereka mfuti kwa akapolo, koma adagwidwa n'kunyongedwa. Mu 1860 Abraham Lincoln adasankhidwa kukhala pulezidenti, zigawo za kummwera zidayamba kudzipatula, ndipo mu Epulo 1861 nkhondo yapachiweniweni idabuka.

Apa Garrison adali pamphambano. Moyo wake wonse adalalikira kuti Mkhristu sagwira mfuti, koma tsopano zidaoneka kuti mfuti ndiyo idula maunyolo. Adasankha kuima ndi boma la Lincoln, makamaka pulezidentiyo atalengeza pa 1 Januwale 1863 kuti akapolo a m'zigawo zoukira ndi mfulu. Mwana wake woyamba, George, yemwe adali m'mimba tsiku la chingwe lija, adalowa usilikali n'kukhala mmodzi mwa otsogolera gulu la asilikali akuda. Bamboyo sadagwirizane nazo koma sadamuletse.

Tsamba lomaliza

Nkhondo idatha mu 1865 itapha anthu oposa 600,000. Mu Epulo chaka chimenecho Garrison adafika ku Charleston, mzinda umene kale akadangopondamo akadaphedwa, ndipo anthu omasulidwa adamunyamula pamapewa. Mu Disembala malamulo aakulu a dziko, omwe iye adawatentha aja, adasinthidwa kachi 13 ndipo ukapolo udathetsedwa m'dziko lonse.

Pa 29 Disembala 1865 The Liberator idatuluka komaliza, patatha zaka 35 chiyambireni. Garrison adati ntchito imene adaiyambira yatha.

Anzake ena sadavomereze. Douglass ndi Wendell Phillips adati munthu wakuda wopanda voti sadamasuke kwenikweni, ndipo bungwe lija lidapitiriza ntchito mpaka 1870 pomwe amuna akuda adapatsidwa ufulu wovota. Mbiri idaonetsa kuti iwo adaona patali, pakuti zigawo za kummwera zidabweretsa malamulo a tsankho omwe adazunza anthu akuda mpaka m'zaka za m'ma 1960.

Garrison adatuluka m'ntchitoyi ali wosauka, moti anzake adachita kumusonkhera ndalama zoposa madola 30,000 kuti akhale ndi podalira paukalamba. Adasamalira mkazi wake Helen, yemwe adafa ziwalo mu 1863, mpaka pomwe adatisiya mu 1876. Iye adamwalira pa 24 Meyi 1879 ku New York ali ndi zaka 73, ndipo adaikidwa ku Boston. Douglass, ngakhale adakangana, adamuyamikira pamwambo womukumbukira. Mdzukulu wake, Oswald Garrison Villard, adali mmodzi mwa oyambitsa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP mu 1909. Lero mzinda womwe udamuguza ndi chingwe uja uli ndi chipilala chake pamsewu wa Commonwealth Avenue.

Nanga kuno kwathu?

Pomwe Garrison ankasanja zilembo ku Boston, kuno nako anthu adali kugulitsidwa, ngakhale msika wake udali wina. Akapolo ambiri ochokera m'dera la nyanja ya Malawi sankapita ku America. Ankaolotsedwa nyanja, makamaka pa Nkhotakota pomwe padali a Jumbe, n'kuyenda ulendo wautali wapansi mpaka ku Kilwa ndi kumsika wa Zanzibar.

David Livingstone adafika panyanjayi mu 1859, ndipo naye chida chake chachikulu chidali cholembera, pakuti zimene adalemba ndizo zidadzidzimutsa anthu a ku Britain. Mu Julayi 1861, nkhondo ya ku America itangoyamba kumene, gulu la Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie lidamasula akapolo 84 m'mudzi mwa Mbame, ndipo anthuwa ndiwo adakhala chiyambi cha mishoni ya Magomero. Msika wa Zanzibar udatsekedwa mu 1873, koma malondawa adapitirirabe mpaka Mlozi atagonjetsedwa ku Karonga mu Disembala 1895. Apa n'kuti patatha zaka 30 The Liberator itatsekedwa. Agogo a agogo athu adaziona zimenezi.

Ngakhale lero nkhaniyi sidatheretu. Mchitidwe wozembetsa anthu powanamiza ntchito zabwino m'tauni, m'maesiteti kapena kunja udakalipo, n'chifukwa chake dziko lino lidakhazikitsa lamulo lothana nawo mu 2015. Nthawi zambiri pamakhala wina amene adaona mwana akutengedwa pamudzi kapena pamsika, koma adati si zanga.

Garrison adalibe digiri, chuma kapena udindo m'boma. Adali ndi makina osindikizira, anzake ochepa, ndi owerenga osauka omwe ankadzimana kuti alipire nyuzipepala yawo. Adalakwitsa zina, adakhumudwitsa abwenzi, ndipo si iye yekha adathetsa ukapolo. Koma kwa zaka 35, sabata iliyonse, dziko lomwe linkafuna kuiwala za kapolo lidapeza wina wolikumbutsa, ndipo pamapeto pake lidamva.